Kadimba ka pakhomo: mafunso ndi mayankho kwa oyamba kumene ku Mulanje ndi Thyolo

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu ofuna kubzala ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba koma sanayambepo. Mayankho ake ndalemba poganizira kuno kwathu, kumene malo ndi ochepa, dothi ndi lofiira, mvula imagwa yambiri, ndipo chiperoni chimatinyowetsa m'miyezi imene anzathu a madera ena ali pafumbi.

Malo anga ndi ochepa kwambiri, pangotsala pakati pa thandala la mbale ndi bafa. Dimba lingatheke?

Lingatheke. Ambiri a ife kuno tili chimodzimodzi: malo aakulu ali ndi tiyi wa maesiteti, ndipo kamunda kamene makolo anatisiyira tagawana mpaka kuwerengana mizere. Koma ndiwo za banja sizifuna ekala. Mabedi atatu, lililonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali, mukawasamala bwino mudzathyolapo masamba masiku ambiri pa sabata. Amene amagwa mphwayi msanga ndi uja woyamba ndi kutipula bwalo lonse, kenako n'kupeza kuti m'mawa uliwonse pakufunika zidebe zosawerengeka. Yambani ndi pamene mungathirire musanapite kumunda kapena kuntchito. Mukazolowera mudzawonjezera.

Ngati muli pa lendi ku Chitakale, ku Luchenza kapena pa boma la Thyolo ndipo eni nyumba salola kukumba, bzalani m'matumba. Tsukani thumba lakale la feteleza, mudzazemo dothi losakaniza ndi manyowa, ndipo pakati pake muziika timiyala kuchokera pansi mpaka pamwamba kuti madzi azitsika bwino. Boolani m'mbali, mbande muzilowetse m'mabowomo. Beseni lobooka ndi chidebe chong'ambika zimagwiranso ntchito yomweyo.

Ndisankhe malo otani?

Pamene pamawomba dzuwa kwa maola osachepera 6 pa tsiku, makamaka la m'mawa, ndiponso pafupi ndi khitchini kuti muziliona dimbalo tsiku lililonse. Pewani pansi pa mango, mapeyala ndi nthochi zothithikana. Bulugama mutalikirane naye ndithu, chifukwa mizu yake imayenda patali ndipo madzi amene mwathirira amamwa ndi iye. Musayandikizenso chimbudzi kapena pamene madzi a padenga amagwera.

Ndiyambe ndi mbewu ziti?

Yambani ndi zathu zomwezi. Bonongwe amamera msanga, pakangotha milungu itatu kapena inayi mwayamba kuthyola, ndipo tizilombo sitimuvutitsa kwambiri. Kholowa safuna n'komwe mbewu yogula: mwapempha zingwe za mbatata kwa a neba, mwabzala, basi. Nkhwani, khwanya, chitambe, luni, denje ndi therere lobala zonse zinazolowera nthaka yathu. Pali anthu amene amaona ngati dimba lenileni ndi la kabichi ndi letesi, bonongwe n'kumamuyesa udzu. Ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo. Masamba obiriwira kwambiri ngati bonongwe ndi luni ali ndi michere yothandiza magazi ndi maso kuposa kabichi, ndipo ndi amene ana ndi amayi oyembekezera akuwafuna m'mbale mwawo.

Pa mbewu zogula, zosavuta kwa woyamba ndi mpiru, repu ndi chayinizi. Onjezerani mzere wa anyezi m'mbali mwa bedi ndi mitengo iwiri ya kambuzi pakona.

Nanga tomato? Ndi amene amandidyera ndalama kumsika.

Ndikumvetsa, koma musayambe ndi iye yekha. Tomato amakonda masamba ouma, pamene kuno chifunga ndi mvula yowaza zimatha masiku angapo osalekeza. Nyengo yotere ndi imene matenda a chiwawu amakonda. Mudzaona madontho oderako pamasamba ngati apsa, kunsi kwake kuli tinkhungu toyera, kenako tsinde lada, zipatso zawola zisanapse. Bedi lonse likhoza kutha pa sabata imodzi.

Ngati mtima uli pa tomato, bzalani mitengo khumi yokha kuti muphunzirirepo. Italikirane masentimita 60. Iliyonse muyizikire ndodo n'kuimangirira ndi luzi la nthochi, muzichotsa mphukira zotuluka pakati pa tsinde ndi tsamba, ndiponso masamba a m'munsi okhudza dothi. Pothirira thirani patsinde, osati pamasamba. Tanya ndi Tengeru ndi mitundu imene alimi ambiri amaikonda chifukwa zipatso zake ndi zolimba, sizifulumira kuphwanyika. Amene amapopera Dithane adziwe kuti mankhwalawa ndi oteteza, amagwira ntchito matenda asanalowe. Kupopera mbewu itapsa kale n'kutaya ndalama.

Pali vuto linanso: tomato amene dzulo anali bwinobwino lero wangofota, masamba akadali obiriwira. Dulani tsinde lake muliviike m'tambula ya madzi oyera. Mukaona timizere toyera tikutsika kuchokera podulapo, amenewo ndi matenda a m'nthaka ndipo alibe mankhwala. Zulani, mutenthe, ndipo pamalopo musabzalenso tomato kwa zaka zingapo.

Nthawi yabwino yoyamba ndi iti?

Mvula ikamatha, mu Epulo kapena Meyi. Nthaka imakhala ikadali ndi chinyezi, dzuwa silipsereza mbande, ndipo chiperoni chimakuthandizani kuthirira. Kuyambira pamenepo mpaka Ogasiti ndi nyengo ya mpiru, repu, chayinizi, kabichi, karoti ndi nsawawa. Anyezi amafesedwa moyambirira, mu Malichi kapena Epulo, chifukwa amatenga nthawi.

Sepitembala mpaka Novembala kumatentha. Mpiru umathamangira kuchita maluwa ndipo nsabwe zimachuluka, choncho ndi bwino kutembenukira ku bonongwe, therere, mabiringanya ndi nkhwani. M'dzinja zakunja zambiri zimawola, koma zathu ndi pamene zimasangalala.

Ndikonze bedi lokwera kapena lolowa pansi?

Funso limeneli ndi lofunika kwambiri kuno kuposa madera ambiri a Malawi. Kumalo ouma alimi amakumba mabedi olowa pansi kuti madzi asathawe. Kwathu, kwa miyezi yambiri, vuto ndi madzi ochuluka. M'dzinja bedi likhale lokwera masentimita 15 kapena 20, kuti mizu isakhale m'matope. Lolowa pansi ndi la m'chilimwe, makamaka kwa amene ali kuzigwa kumene kumatentha.

M'lifupi musapitirire mita imodzi, kuti dzanja lizifika pakati inu muli m'njira. Bedi silipondedwa. Tipulani mozama masentimita 30, muphwanye zibuma, muchotse mizu ya udzu ndi miyala.

Ngati pakhomo panu ndi potsetsereka, monga momwe zilili m'midzi yambiri ya ku Thekerani, ku Masambanjati ndi m'mphepete mwa phiri la Mulanje, mabedi apingase chitunda, asaloze kumunsi. Kumtunda kwa dimba kumbani kangalande kopatutsa madzi a pabwalo ndi a padenga, ndipo kumunsi kwake bzalani mzere wa udzu wa vetiva kapena musanje miyala. Tonse tinaona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, momwe madzi amakokolera nthaka pamalo opanda chotchinga. Mvula wamba imachitanso zomwezo pang'onopang'ono, ndipo imene imapita ndi nthaka ya pamwamba, ija mwaithira manyowa.

Dothi langa ndi lofiira, lomata kukagwa mvula, lolimba kukauma. Lingabereke?

Lingabereke mukalidyetsa. Dothi la kuno ndi la asidi wambiri chifukwa mvula imatsuka michere chaka ndi chaka. Tiyi amakonda nthaka yotere, n'chifukwa chake amachita bwino, koma ndiwo zambiri zimapinimbira. Mankhwala ake oyamba ndi manyowa owola bwino, chidebe chimodzi pa mita iliyonse ya bedi, osakaniza ndi dothi milungu iwiri musanabzale. Phulusa la pamoto limathandiza kuchepetsa asidi: wazani zikhatho ziwiri pa mita n'kulitipulira pansi, osati kuunjika. Amene angakwanitse kugula laimu wa m'munda afunse alangizi muyezo wake. Musayembekezere kuti nthaka isintha chaka chimodzi. Nyengo iliyonse onjezerani manyowa, mudzaona ikuyamba kuderako ndi kufewa, nyongolotsi n'kubwerera.

Ndilibe ng'ombe kapena mbuzi. Manyowa ndiwapeza kuti?

Ali pakhomo panu pomwepo, kungoti timawatentha kapena kuwasesera kudzala. Mapesi a chimanga, masamba ndi makoko a nandolo, makoko a nthochi ndi a chinangwa, udzu wopalira, zitosi za m'khola la nkhuku, ndi deliya uja wa maluwa achikasu amene wadzaza m'mbali mwa misewu, zonsezi ndi chakudya cha nthaka.

Sankhani malo a mthunzi. Pansi yalani timitengo kapena mapesi kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani zouma zodulidwadulidwa, kenako zaziwisi, kenako zitosi kapena ndowe, phulusa pang'ono, dothi la pamwamba pang'ono, n'kuwaza madzi. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno. Zikani ndodo pakati. Pakapita masiku atatu kapena anayi zulani ndodoyo muigwire: ikakhala yofunda ndi yonyowa, zinthu zikuyenda. Ikakhala yozizira, mwina madzi achepa kapena zaziwisi zachepa. Tembenuzani mulu pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse. Pa miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa: ndi akuda, ofumbutuka, onunkhira dothi. Ena amamata mulu wonse ndi matope, njira imene alangizi amaitcha chimato. M'dzinja musakonzere m'dzenje chifukwa limadzaza madzi n'kuyamba kununkha. Muunjike pamtunda, mufunditse masamba a nthochi.

Zitosi zaziwisi musathire pambewu, zimawotcha mizu. Ngati mukufuna zothandiza msanga, mangani zitosi m'thumba, muliviike m'mgolo wa madzi kwa milungu iwiri. Madziwo muwasungunule mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, n'kuthira pansi mozungulira tsinde, osakhudza masamba amene mudye.

Ndiye kuti feteleza ndi wosafunika?

Pa kadimba kakang'ono ka manyowa okwanira mukhoza kukhala osagula. Ngati muli naye, D Compound amalowa pobzala, CAN amabwera mbewu zitagwira. Kachitsekerero kamodzi ka botolo la zakumwa pa phando n'kokwanira, motalikira zala zinayi kuchokera patsinde, n'kukwirira. Mukachulutsa, masamba amakhala ofewa kwambiri ndipo nsabwe zimawathamangira. Feteleza atakwera mtengo, alimi ambiri anayamba kupanga manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza pang'ono, madeya, phulusa ndi ndowe, n'kumanga m'thumba kwa masiku 21. Miyezo yake akuuzani alangizi a m'dera lanu.

Nazale ndiikonze bwanji? Mbande zanga zimamera kenako n'kugwa.

Kugwako kumabwera chifukwa cha kuthithikana ndi madzi ochuluka. Mukayang'anitsitsa mudzaona tsinde lawola pamene lakhudza dothi. Fesani m'timizere totalikirana masentimita 10 kapena 15, mozama sentimita imodzi yokha, ndipo mbewu muziwaza motayana. Zing'onozing'ono ngati za bonongwe sakanizani ndi mchenga. Funditsani udzu wouma wopanda njere, muthirire pamwamba pa udzuwo ndi keni yokhala ndi chowazira. Tsiku lililonse muzisuzumira. Zikangotuluka chotsani udzu, muukweze pa kathandala kofika m'bondo, apo ayi mbande zimatalika mopanda mphamvu. Zikathinana patulirani.

Karoti, therere, nyemba, nsawawa ndi maungu sizidutsa ku nazale, zimabzalidwa pamalo pomwe zikulire. Ndipo ngati mukungofuna mitengo yochepa, kugula mbande kwa mlimi wodalirika si kulakwa. Onani mizu yake kaye, ikhale yoyera, yopanda zotupa.

Ndiwokere liti?

Mpiru, repu ndi chayinizi pakatha milungu itatu kapena inayi, zikakhala ndi masamba anayi. Anyezi amadikira milungu 6 mpaka 8, akafike kunenepa kwa pensulo. Sabata yomaliza chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Wokerani madzulo kapena tsiku la mitambo, mutathirira nazale kuti zizuke ndi dothi lake. Mpiru ndi repu zitalikirane masentimita 30, kabichi 50 kapena 60, anyezi 10.

Madzi timatunga kumjigo, ndi kutali. Ndithirire kangati?

Mbande za ku nazale ndi zongowokera kumene zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Zikagwira, kuthirira kamodzi mokhutitsa kumaposa kuwaza pang'onopang'ono kawirikawiri. Pisani chala m'dothi: mukamva chinyezi, dikirani. Chimene chingakupulumutseni maulendo ambiri ndi kuphimbira. Yalani udzu wouma kapena masamba ouma a nthochi pabedi lonse, kusiya kampata kuzungulira tsinde. Nthaka siuma msanga, udzu sumera, ndipo mvula ikagwa siwaza matope pamasamba. Pamene pali chiswe muziyang'anira, chikalowa chepetsani zophimbirazo.

Madzi otsukira mpunga, masamba ndi otsukuluzira mbale musataye, apite kudimba. A jiki, a mafuta ndi ochapira matewera asapiteko.

Nkhuku za a neba ndiye zandigwetsa ulesi.

Mpanda uyambe, mbewu zibwere pambuyo. Nsungwi, mapesi, bango kapena udzu, chilichonse chimene muli nacho, bola pansi pakhale pothithikana chifukwa anapiye amalowera pamenepo. M'chilimwe mbuzi zikamasulidwa onjezerani mitengo yolimba ndi chitseko chotsekeka. Ndi bwinonso kupita kwa anebawo n'kuwauza mwaulemu kuti, "Amayi, kuseriku ndabzalako timasamba." Mukayamba kuthyola muziwapatsirako kamtolo. Ndaona makomo ambiri kumene mkangano wa nkhuku unatha chifukwa cha zimenezi, ndipo anebawo n'kudzapemphanso mbande. Masikito a udzudzu musatchingire dimba, amenewo ndi a malungo.

Masamba akubooka, ena akupiringizika. Ndichite chiyani?

Choyamba dziwani amene akudya. Tembenuzani tsamba muone kunsi. Tizilombo totuwa kapena tobiriwira tounjikana pamodzi ndi nsabwe, ndipo ndi zimene zimapiringiza repu ndi mpiru. Timbozi tobiriwira timene timadzigwetsa ndi kaulusi mukatikhudza ndi timene timaboola kabichi. Mbande yodulidwa patsinde usiku ndi ntchito ya mbozi ya m'nthaka kapena nkhululu: fukulani pafupi ndi tsindelo, mudzaipeza mboziyo itadzipinda. Tsamba lodyedwa lokhala ndi kanjira konyezimira ndi nkhono, zimene kuno zimachuluka chifukwa cha chinyezi. Zitoleni m'mamawa, ndipo muwaze phulusa louma kuzungulira bedi. Pa tomato, masamba akachita mathothomathotho achikasu ndi kaukonde kunsi, ameneyo ndi kangaude wofiira wa nyengo yotentha. Akakhala ndi mawanga oyera oonekera, mkati muli kambozi, ndi Tuta absoluta, kachilombo kochokera ku South America kamene kasautsa alimi a tomato m'dziko muno.

Pa mabedi atatu, manja anu ndiwo mankhwala oyamba. Kuyendera dimba m'mawa uliwonse, kufinya nsabwe, kutola mbozi ndi kuthyola masamba ogwidwa kumathetsa zambiri zisanakule. Zikachuluka sinjani tsabola wowawa ndi adyo, muviike m'madzi usiku wonse, musefe, muonjezere sopo wochapira pang'ono, n'kupopera madzulo kunsi kwa masamba. Masamba a nimu ndi a ombwe amakonzedwa chimodzimodzi. Ombwe ndi wamphamvu: mukapopera dikirani masiku angapo musanathyole, ndipo zotengera zake musakatsukire mumtsinje chifukwa amapha nsomba.

Kodi mankhwala a kusitolo ndi oipa?

Ali ndi malo ake, koma dimba ili mukudya ndinu ndi ana anu. Gulani m'sitolo yovomerezeka, m'botolo lokhala ndi chizindikiro chake, osati opungulira m'timabotolo pamsika. Werengani muyezo, ndiponso masiku oyenera kudikira musanakolole. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: kupopera lero, mawa masamba ali mumphika. Mankhwala a thonje kapena osungira chimanga asayandikire ndiwo. Popopera valani zotchinga pakamwa ndi m'manja, ndipo botolo musunge kumene ana safika.

Ndingabzale mbewu imodzimodzi pabedi lomwelo chaka chonse?

Ayi, matenda amamanga mudzi m'nthaka. Mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi ndi pachibale, choncho kuchotsa repu n'kuikapo chayinizi sikusintha kanthu. Tomato, mabiringanya, tsabola ndi mbatatesi nazonso ndi banja limodzi. Pamene panali masamba pabwere nyemba kapena khobwe, zimene zimabwezera chonde, kenako anyezi, kenako tomato. Mukazula therere kapena tomato n'kupeza mizu yotupatupa, m'nthakamo muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Pamenepo bzalani chimanga kapena anyezi kwa nyengo imodzi kapena ziwiri, ndipo muthire manyowa ambiri.

Ndithyole bwanji kuti masamba asathe msanga?

Pa mpiru ndi repu thyolani masamba a m'munsi, awiri kapena atatu pa tsinde, kusiya a pakati kuti apitirize kukula. Bonongwe ndi luni muzidula nsonga kuti zichite nthambi. Therere lisakhwimire mumtengo, lithyoleni likadali lanthete pakatha masiku awiri alionse. Pophika, soda amafewetsa koma amawononga mavitamini, ndiye masamba anthete safunika soda. Thiranimo nsinjiro kapena mafuta pang'ono. Chigwada chokha ndicho chimafuna kusinja ndi kuwiritsa mokwanira, chifukwa masamba a chinangwa osapsa bwino ali ndi poizoni.

Mbewu ndizigula chaka chilichonse?

Za bonongwe, luni, therere, maungu, khobwe ndi mpiru wa makolo sungani nokha. Siyani mitengo iwiri yathanzi kwambiri kuti ikhwime, muyanike njere pamthunzi mpaka ziume gwa, muziike m'botolo lotseka bwino pamodzi ndi phulusa. Kuno chinyezi chimaolesa mbewu zosungidwa m'mapepala. Paketi yolembedwa F1 ndi haibulidi, njere zake mukabzalanso sizibereka ngati poyamba. Pogula onani tsiku limene mbewuyo ithere mphamvu, ndipo paketi imene yakhala padzuwa pabenchi isiyeni.

Ndikakakamira ndifunse ndani?

Alangizi a zaulimi a ku EPA (ofesi ya boma ya zaulimi ya m'dera) ya kwanu, ndi alimi otsogolera amene ali m'midzi yambiri. Popita tengani tsamba kapena mtengo wodwalawo ndi mizu yake, m'pepala la pulasitiki, chifukwa kufotokoza pakamwa kokha kumasocheretsa. Ku Bvumbwe kuli malo a boma ofufuzira za ulimi amene amagwira ntchito kwambiri pa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Musaiwalenso agogo a m'mudzi mwanu, amene akudziwa mbewu imene imachita bwino pa chitunda chanucho.

Masamba achuluka, sitikutha kudya. Ndigulitse?

Otsala mukhoza kumanga timitolo n'kuika pakhomo kapena kupita nato pamsika wapafupi, mupezeko ya mchere ndi sopo. Koma miyezi yozizira aliyense amakhala ndi mpiru, ndipo pa Bvumbwe, pa Goliati kapena pa Limbuli mudzakumana ndi alimi a madimba akuluakulu. Nthawi zambiri chanzeru n'kufutsa. Nkhwani, khwanya, chitambe ndi bonongwe muziwiritse kwa mphindi zochepa m'madzi a mchere pang'ono, mukhetse, muyanike pamphasa yoyera pamalo okwera, podutsa mphepo, osati padzuwa loswa mtengo limene limachotsa mtundu ndi michere. Sankhani masiku opanda chiperoni, chifukwa mfutso wosauma bwino umachita nkhungu. Ukauma mpaka kufumbutuka m'manja, usungeni m'chikwatu kapena m'chidebe chotseka, ndipo mudzautulutsa mu Okutobala ndi Novembala pamene masamba asowa pamsika.